Tsiku Limene Tinalira Leni ku Matero

Fungo la chikopa chonyowa ndi phula likandipeza, ngakhale ndili m'basi, mtima umabwerera pakhonde lathu la ku Matero, mu Lusaka, pomwe agogo anga aamuna, a Jere, ankakhala pa kampando kamiyendo itatu atapanikiza mpira pakati pa mawondo, akukoka ulusi ndi mano, utsi wa mbaula ya amayi ukuwalowa m'maso koma iwo osaphethira n'komwe. Ntchito yawo inali kusoka nsapato za anthu a m'komboni, pakuti masiku amenewo nsapato yatsopano tinkangoyionera pawindo la sitolo. Koma nsapato ankaigwira ngati yawalakwira. Mwana akabweretsa mpira wong'ambika, agogo ankasiya zonse, n'kuusisita kaye asanaubaye singano.

Zinali zaka za mizere. Amayi ankalawirira kukafola ufa, ine ndikaweruka kusukulu ndinkakawalandira pamzere wa mafuta ophikira, ndipo nthawi zina tinkaima dzuwa lonse osadziwa chimene chafika m'sitolomo, kaya ndi sopo, kaya ndi shuga, bola taona anthu aima. Agogo zimenezi sizinkawasowetsa mtendere. Nkhawa yawo inali mabatire a wailesi, amene ankawayanika padenga la malata mlungu wonse kuti Loweruka madzulo amve zotsatira za mpira wa ku Mangalande. Matimu akuluakulu omwe anyamata ankakanganirana pamsewu analibe nawo ntchito. Iwo ankadikira katimu kena kakumapeto kwenikweni, komwe wowerengayo ankafikako mawu atatopa, ndipo kawirikawiri kankagonja.

"Aluzanso anyamata a Leni," ankatero, n'kutseka wailesi mwaulemu ngati akutseka chitseko cha wodwala.

Leni ameneyu anali Mngelezi wosewera mpira. Agogo akadali ndi mphamvu ankagwira ntchito yochapa majezi ndi kupopa mipira ku timu ina ya mu Lusaka, ndipo Leni anabwera kudzaphunzitsa timuyo. Mbiri yake ndinkayidziwa kuposa ya abale anga enieni. Anali mwana wa munthu wonyamula mabokosi a nsomba padoko. Anayamba ndi kupukuta nsapato za osewera akuluakulu, kenaka anasewera kumbuyo kwa zaka zambiri mu katimu kakumudzi kwawo kaja, akumenya ndi mutu mipira yolemera yomwe inkamwa madzi amvula ngati bulangete. Timu ya dziko lake sinamuitaneko ngakhale kamodzi. Bondo litathyoka akuluakulu a katimuko anamuuza kuti zikomo, ndipo anakwera ndege kubwera kuno akutsimphina. Atabwerera kwawo ankapenta nyumba za anthu.

"Sanali katswiri iyayi," agogo ankatero. "Koma mpira ukabwera m'mwamba, iye sankatseka maso."

Ankamutchula kuti mnzawo, ndipo apa m'pamene anthu ankaseka. Mzungu angakhale mnzake wa munthu wochapa majezi? Woseka kwambiri anali bana Mulenga, mayi wa Chibemba wa nyumba yoyandikana nafe, wamawu ngati belu, yemwe ankagulitsa tinsomba ta kapenta pakhomo pake. Paja Abemba ndi ife Angoni timanyozana mwaufulu, ndi chimbuya chathu, ndipo wokwiya ndiye wagonja.

"Ba Jere, muzungu wanu uja akalibe kukutumilani ndeke?" ankakuwa ali kuseri kwa mpanda. "Mukayenda munitengeko, nizankala pa mapiko!"

"Ndege sinyamula odya anyani," agogo ankayankha osadzutsa mutu.

Ndinene zoona, nanenso ndinkaganiza kuti agogo amathira mchere wambiri pa nkhani ya Leni. Ndinkawakonda, koma akayamba nkhaniyi pamaso pa anzanga ndinkafuna pansi patatseguka.

Ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, kalata inafika kudzera ku bokosi la kutchalitchi. Inali ya Chingelezi, choncho agogo anandikhazika pakhonde kuti ndiwawerengere ndi kumasulira. Wolemba anali mwana wamkazi wa Leni. Anati bambo ake anamwalira miyezi iwiri yapitayo, ndipo keyala yathu anaipeza m'kabuku kawo. Anati zaka zomalizira ankaiwala ngakhale maina a ana awo, mwina chifukwa cha mipira ija ankamenya ndi mutu. Anatinso pamaliro panabwera anthu ochepa, okwana mabenchi awiri, ndipo atamwa tiyi aliyense anapita kwawo.

"Werenganso pamenepo, Dailesi."

Ndinawerenganso.

"Mabenchi awiri," anatero agogo. "Ndiye kuti munthuyu sanaliridwe."

Tsiku limenelo sanasokenso kanthu. M'mawa mwake ndinadzidzimuka ndi phokoso la mipando ikukhwekhwerezedwa. Agogo anali atavala jekete lawo lakutchalitchi, akutulutsa panja sofa, tebulo ndi kabati yomwe, mmene timachitira m'nyumba mukagwa maliro, kuti amayi apeze pokhala mkati, abambo panja.

Amayi anatuluka kukhitchini atagwira kumutu. "Atate, muchita chani? Bantu bazatiseka! Maliro ya muzungu wamene anashikidwa mumanda kalekale? Na unga mulibe munyumba, bakabwela tizabapasa chani?"

Agogo anatsitsa mpando umene ananyamula, n'kutembenukira kwa amayi.

"Amake Dailesi, iwe unali wamng'ono, sukumbuka. Mlongo wako Yohane atamwalira, mabwana a timu anatumiza uthenga wa pepani. Leni anabwera yekha ndi miyendo yake. Anakhala pansi pano, pafumbi, masiku atatu, bondo litatupa chonchi. Kumanda a ku Chingwere anavula jekete, n'kulanda fosholo, n'kukwirira nawo mwana wanga. Lero ine ndimve kuti wapita ngati nkhuku, ndingokhala n'kumasoka nsapato?"

Za Yohane ndinali ndisanamvepo. Amayi anatembenuka. Analowa m'nyumba, n'kuyala chitenje pasimenti, n'kukhala pansi atatambalala, koma kulira sanalire.

Ku Matero mipando ikaoneka panja, uthenga umathamanga wokha. Posakhalitsa anthu anayamba kufika, amayi atamanga mipango, abambo zipewa zili m'manja, aliyense akufunsa chapansipansi kuti watisiya ndani. Agogo ankayankha mosabisa kuti ndi Leni, mnzawo wa ku Mangalande. Ndinaona nkhope zikusintha. Ena anati pepani n'kubwerera cham'mbuyo. Ena anafika pampanda n'kugwira pakamwa, mapewa akugwedezeka. Kenaka kunamveka mphekesera yoti kusitolo kwafika shuga, ndipo ngakhale awiri atatu amene anakhala chifukwa cha manyazi ananyamuka.

Pofika masana agogo anali okhaokha pakati pa mipando yopanda anthu, dzuwa likuwawotcha m'jekete lakuda, manja ali pamawondo, maso ali kunjira. Ntchentche zinkatera pa sofa. Ine ndinakabisala kuseri kwa nyumba, pafupi ndi dramu ya madzi, chifukwa anzanga ankadutsa akuloza. Ndinawakwiyira agogo tsiku limenelo, ndipo mpaka lero ndimachita manyazi ndikakumbukira kuti ndinawasiya okha.

Ndili komweko ndinamva mawu aja ngati belu. Bana Mulenga ankachokera kumzere, komwe anaima kuyambira m'mawa, atasenza kathumba ka ufa, mapazi ali mbuu ndi fumbi. Ndinasuzumira ndikudziwa kuti tsopano komboni yonse imva kuseka.

"Ba Jere, nichani ichi? Mwayamba kugulisa mipando?"

"Leni wamwalira, bana Mulenga."

"Muzungu wanu uja?"

"Yemweyo. Kwawo sanamulire."

Bana Mulenga anayang'ana mipando, anayang'ana khomo lotsegula, n'kuwayang'ananso agogo. Anatula kathumba kaja pansi. Anakamasula, n'kupisamo dzanja, n'kutapa ufa wodzadza chikhatho, ufa umene anaupsera dzuwa theka la tsiku ana kunyumba akudikira, ndipo anawakhuthulira agogo pamutu. Anatapanso wina n'kuwapaka kumaso, m'makutu, mpaka pa jekete lakutchalitchi lija.

"Imwe Bangoni, mwamupaya mubale wanu!" anakuwa kuti msewu wonse umve. "Munamudyesa mbeba pano pa Matero, ndiye vinamusokoneza mutu! Lelo muzaniona!"

Mwana wa ku Lusaka aliyense amadziwa tanthauzo la zimenezi. Pamaliro a Angoni, Abemba amabwera kudzathira ufa ndi kunyoza, kuti ofedwa asamire m'chisoni. Koma ufawo sathira munthu wamba wodzapepesa. Amathira mwini maliro, amene wataya m'bale wake. Mayi amene anaseka nkhani ya Leni zaka zonsezo ndi amene anauza komboni kuti agogo aferedwa.

Agogo anayesa kuyankha za anyani monga mwa masiku onse, koma misozi inawatsika n'kulemba mizere iwiri mu ufa uja.

Bana Mulenga sanadikire. Anamanga chitenje m'chiuno, n'kulowa m'nyumba akulira mokweza mwa Chibemba, ndipo amayi, amene anakhala duu kuyambira m'mawa, anagwa pamapewa awo n'kulira zenizeni, akutchula Leni, akutchulanso Yohane. Kulira kukamveka, mayi wa ku Matero sangapitirize kuchapa. Anabwera mmodzimmodzi, ena atanyamula makala pang'ono, ena masamba a chibwabwa, wina kambale ka nyemba, ndipo nyimbo za kutchalitchi zinayamba. Abambo obwerera kumzere wa shuga, yemwe anathera m'manja mwa ena, anakhala pamipando ija. Mkulu wina woyendetsa wilibala, yemwe sindinkamudziwa, anati anamuonapo Leni akusewera nawo tsiku lina osewera ataperewera, mutu utamangidwa bandeji, magazi akudontha, iye akukana kutuluka m'bwalo. Agogo anatembenuka n'kumugwira dzanja osalisiya.

Ine ndinatuluka kuseri kuja ndikukoka miyendo, n'kukakhala pansi pafupi ndi mapazi awo. Sanandifunse kumene ndinali. Anangoika dzanja pamutu panga, ufa n'kundiwazikira m'tsitsi.

Patapita masiku awiri, mipando itabwerera m'nyumba, anandituma kukagula pepala la kalata yapandege kuti tiyankhe mwana wa Leni. Ndinakonzeka kulemba zambiri, za timu, za bondo, za wailesi. Koma agogo anangoti, "Lemba kuti atate ake tawalira. Nyumba inadzaza, ena anakhala mpaka kumsewu. Asadandaulenso." Anatenga cholembera n'kulemba okha dzina lawo m'munsi, pang'onopang'ono, lilime lili panja.

Agogo anatisiya kalekale, ndipo pamaliro awo bana Mulenga, atakalamba, akuyendera ndodo, anandithira ufa mpaka ndinatsokomola. Panopa ndimakhala kutsidya lina la tauni, kumene anthu amatseka mageti ndipo maliro amamvera pafoni. Ana anga amandiseka kuti ndimalira anthu osawadziwa. Sindikana. Ndikaona mipando yatulutsidwa panja, ndimamanga chitenje n'kulowa, ndipo ndimayamba ndakhala pansi. Zoti wamwalira ndani ndimafunsa pambuyo.