Tianapiye Tobwera pa Njinga

Chaka chimene amuna anga anapuma pantchito ya ukalipentala ku Limbe n'kubwerera kwathu ku Mbulumbuzi, manja awo ankasowa chogwira. Tsiku lina anapita ku Nguludi kukazonda mnzawo wodwala, ndipo pobwera anali atamangirira kakatoni pakaliyala ya njinga. M'katimo munali tianapiye, kalikonse kokwana m'chikhatho n'kutsala malo.

"Nanga izi n'chiyani, bambo?" ndinafunsa.

"Nkhuku, mayi. Zija za miyendo yaifupi, zosakula kwambiri."

"Yosakula tidzaitani? Alendo akabwera tidzawapatsa mafupa?"

"Si zonse zodya ayi," anatero akumasula chingwe, osandiyang'ana.

Tianapiyeto anatisunga m'khitchini, m'dengu loyala sanza. M'mawa uliwonse ankapita kuchulu ndi kambiya kukatapa chiswe, n'kusakaniza ndi gaga wonyowa. Ndinkawamva akuyankhula nato mwaulemu, ngati alendo ochokera kutali.

Vuto linadza pamene tianapiye tija tinamera nthenga n'kufunika kulowa m'gulu la nkhuku zanga. Ndinali ndi thadzi lakuda lolusa, loti ngakhale galu ankalipatuka. Atangotitulutsa pabwalo, thadzilo linathamangira kamodzi n'kukajompha pamutu mpaka magazi. Amuna anga anakatola, nkhope itagwa, n'kukapukuta ndi malaya awo oyera.

Mawa lake anasema timitengo n'kupanga kakhola ka waya pakati penipeni pa bwalo, kuti zazikulu ndi zazing'ono zizionana koma osakhudzana. Chakudya ankamwaza m'mbali mwa wayayo, china m'kati, china kunja. Patapita masiku anayamba kutsekula kachitseko masana, iwo atakhala pampando pansi pa mango ndi kamtengo ka nandolo m'manja. Thadzi likangoyandikira, ankagogoda pansi.

"Mayi wamkulu, ana awa ndi anu omwe," ankaliuza.

Lamulungu lina tinachedwa ku Misa chifukwa cha ulonda umenewu. Ndinawakalipira njira yonse, iwo akungomwetulira.

Kenaka tsiku lina ndikupeta nandolo pakhonde, anandiitana motsitsa mawu. "Mayi, tabwerani, musapange phokoso." Thadzi lakuda lija linali kupalasa kudzala, tinkhuku tija tili pambali pake kutola zimene lafukula. Tinaima limodzi nthawi yaitali, dzanja lawo lili paphewa langa. Pa zaka zonse za ukwati wathu, anali asanandigwirepo chotero pabwalo, masana, anthu akudutsa.

Amuna anga anatisiya dzinja lachiwiri. Mwana wanga wamkazi ananditenga kudzakhala naye kuno ku Blantyre, m'nyumba ya lendi momwe mwini wake salola ziweto. Nkhuku zonse ndinasiyira mng'ono wanga. Akuti zinasakanikirana, ndipo masiku ano anapiye ena amabadwa aatali, ena aafupi, sizidziwika.

Mng'ono wangayo ndimamuimbira foni madzulo, nthawi imene ndikudziwa kuti akuzipatsa gaga. Nkhani zathu sizichedwa kutha: mvula, maliro, nandolo. Koma kuseri kwa mawu ake ndimamva bwalo lonse likulira, mapiko akukupiza, iye akukalipira ina yolowa m'khitchini.

"Achemwali, mukadalipo?" amafunsa ndikakhala chete.

"Ndilipo," ndimayankha. "Usadule kaye."