Mawere a Agogo ku South B

Madzi otsukira mbale akagwera pa dothi lotentha, fungo lake limandibweretsera agogo aamuna atawerama kuseri kwa nyumba yathu ku South B, mumzinda wa Nairobi, chipewa chothothoka chili kumutu, utsi wa mafakitale ukudutsa pamwamba pa mpanda. Bambo ankagwira ntchito ku Upper Hill, ndipo agogo aakazi atamwalira kwathu ku Ntcheu, anakawatenga akuluwo kuti asakhale okha. Anafika ku Nairobi ndi sutikesi imodzi ndi kansupa ka mawere ofiira. Mbewuyo agogo aakazi anailandira kwa mayi awo, ndipo m'mudzi monse munalibenso woisunga, anthu atathamangira chimanga cha haibulidi.

Koma liuma la agogo, abale inu! Mvula itagwa mu Novembala, anagaula pomwe amayi ankayanika zovala. Mama Wanjiru, mayi wa nyumba yoyandikana nafe, anasuzumira pampanda n'kuwatuma amayi m'Chiswahili kuti awauze mzee, kunena agogowo, kuti mvula imeneyi ndi yaifupi, yeniyeni imadza mu Malichi, choncho afese theka lokha. Agogo anangoseka.

"Mvula ndinaidziwa iyeyo asanamere mano," anatero, n'kugogoda nsupa ija mpaka kambewu komaliza.

Kwathu mvula ikayamba imafika mpaka Malichi, ndiye iwo ankadziwa zomwezo. Mawere anamera bwino, obiriwira ngati anyezi. Khirisimasi itangodutsa, kumwamba kunangoti mbee. Januwale anabwera ndi dzuwa loswa mtengo, nthaka inang'ambika, masamba n'kuyamba kupota. Agogo anasiya kuseka, chakudya ankangochitola. M'mawa ndinkawapeza ataima pakati pa kamundako, manja kumbuyo, akuyang'ana kumapiri a Ngong kumene kunalibe ngakhale kamtambo. Ndinali mwana, koma ndinachita mantha, chifukwa ndinkadziwa kuti m'nsupa mulibenso kanthu, ndipo mawerewo akauma, mbewu ya agogo aakazi yatha padziko.

Kumpopi madzi ankatuluka mwa apo ndi apo. Amayi analamula kuti dontho lisatayike. Otsukira mpunga, otsukuluzira mbale, onse ankapita kumawere. Ife tinkasamba titaima m'beseni, sopo pang'ono pokha, kenako n'kunyamula beseniyo awiriawiri, madzi akutikhavukira m'miyendo. Ngakhale bambo, ndi tayi yawo, ankatuluka ndi ndowa asanathamangire minibasi, zomwe kumeneko amati matatu.

Tsiku lina Mama Wanjiru anaponya thumba la udzu wouma pampanda, n'kulowa okha pageti kudzauyala m'mizere kuti chinyezi chisathawe. Za mano zija amayi anali asanawamasulire mayiwo, komabe agogo manyazi anawagwira, chipewa anachivula. Mayiwo sanatchule n'komwe za chenjezo lawo. Anangowapepesa kuti, "Pole, mzee," n'kupitiriza kuyala udzu.

Mbali ya kumpanda inapserera ndithu. Koma pafupi ndi khitchini, pomwe mabeseni ankafikira msanga, ngala zinatuluka, zopindika ngati chibakera cha khanda, n'kuyamba kufiira. Pomwe tinkadula ndi kampeni, zonse sizinadzaze ndi lichero lomwe. Agogo anafikisa ngala imodzi m'manja, anauzira mankhusu, n'kuluma kambewu kamodzi. Kanalira kuti ng'we. Anakhala pansi padothi pomwepo, miyendo tambalale, misozi ili chuchuchu, koma akuseka.

"NaBanda, sindinakutaye," anatero, kutchula agogo aakazi.

Mtima wanga unakhala pansi tsiku limenelo, ndipo madzulo ake agogo anadya mpaka kupempha zina. Tinkayembekeza thobwa, koma sitinalawe ngakhale dontho, yonse inali mbewu.

Agogo anatsikira kuli chete zaka zambiri zapitazo. Mawere ofiirawo ndimalima ine tsopano, kuseri kwa nyumba yanga ku Zomba, ndipo ana anga amandiseka kuti ndimawadyetsa chakudya cha mbalame. Asiyeni aseke. Chaka chilichonse ndikamafesa, dzanja limaima lokha mbewu ikafika pakati pa nsupa.