Njovu Yofundula ya ku Kepi

Jekete ya bambo inali yabuluu, zipi wake wakufa, ndipo inkanunkha fodya ndi udzu wodula kumene. Anandiveka tsiku lomwe tinatsika basi ku Kepi, manja ake akundifika m'mawondo. Ndimaikumbukira kuno ku Doha, kumene wovala jekete masana angamuyese wodwala mutu.

Bambo ankagwira ntchito ya m'gadeni kwa azungu, ndipo anali atatchona. Kwathu ku Ntaja ndinkawadziwira pa chithunzi basi. Chaka chimenecho sukulu itatsekera, mayi anamanga katundu n'kunditenga. Cholinga sanabise: tinkapita kukawatenga bambo. Ine ndinali umboni wawo. "Akaone mmene watalikira, mwina achita manyazi," ankatero m'basi.

Tinkagona m'kachipinda kuseri kwa galaja ya abwana. Mphepo yakumeneko sipuma. Inkagwedeza chitseko tsiku lonse, ukamadya mchenga ukulira m'mano. Bambo ankatuluka kusanache, kubwera msana utapindika. Mayi akangoyamba nkhani yakumudzi, yankho linali limodzi: "Tikambirana pa ofu." Ofu ikafika, ankagona.

Pa ofu yomaliza tisanabwerere, bambo anadzuka n'kunena kuti tikaone njovu ya m'nyanja. Anamva kwa abwana kuti yatuluka m'madzi kumalo osungirako nyama, m'mbali mwa nyanja yamchere. Ine njovu ndinali nditaionapo ku Liwonde. Ndinkayembekezera minyanga, makutu, chitamba chikutulukira m'mafunde.

Tinakwera sitima, kenako wapansi. Kanjira kankatsata gombe, pena mchenga wotitimira, pena miyala yoterera. Zomera zam'nyanja zinali mbwee, zakuda ngati mapaipi, zikuwola, tintchentche tikutumphapo. Nsapato zanga zapulasitiki zinanditulutsa matuza. Mayi ankayenda atagwira chitenje ndi manja onse awiri kuti mphepo isawavule. Mpaka lero ndimati sunali ulendo woyendetsa mwana.

Tinapeza chingwe chomangidwa pazikhomo, azungu ataima ndi makamera, ndi mlonda wa yunifolomu. Kuseri kwa chingwecho kunali chinthu chachikulu ngati mulu wa matumba a feteleza. Miyendo panalibe. Khungu linkasendeka zigambazigamba ngati bulangete lakale, mphuno ikulendewera ngati sokosi yonyowa. Chinapuma mofwenthera, n'kudzikapizira mchenga pamsana ndi kadzanja kake. Basi, njovu inali imeneyo.

Ndinapsa mtima. Mtima wangawu sunayambe lero, supavaiza wanga angakuuzeni. Ndinatola mwala kuti ndichigende chidzuke, mlonda n'kundigwira dzanja. Ndinawauza bambo pamaso kuti ndi abodza, njovu sigona ngati chidakwa.

Mlonda uja anafotokoza m'Chingerezi, bambo akumasulira. Akuti njovuyo kwawo n'kutali, kuzilumba zozizira. Yabwera kudzafundula ngati njoka. Sidya, simwa, imangogona mpaka khungu lakale litatha, ndiye ibwerera.

"Nanga inu mufundula liti?" anafunsa mayi.

Bambo anakhala pamchenga n'kutsamira mwala, chipewa n'kutsitsira kumaso. Posakhalitsa anayamba mkonono, pamaso pa azungu onsewo, iwo uku njovu uko. Mayi anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako anandivula jekete n'kuwafunditsa, n'kukhala pambali pawo. Nkhani yakumudzi sanaitchulenso, tsiku limenelo kapena potsanzikana pa basi.

Tinabwerera awiri. Bambo anadzabwera ndili kusekondale, akutsokomola, ndipo sanachedwe kumwalira.

Panopa ndimalondera pageti ya nyumba yosanja ku Pearl, dera lina la mu Doha. Nyanja yakuno ndi yofunda ngati madzi a m'bafa, ilibe mafunde, ilibe njovu. Shifiti ikatha miyendo imakhala ngati ya munthu wina. Lachisanu mayi a ana anga amaimba foni kufunsa kuti kontrakiti itha liti. Ndasainanso ina, sindinawauze. Tsiku lina ndinadzimva ndekha ndikuti, "Tikambirana pa ofu." Ndinadula foni n'kutukwana khoma. Khalasi, monga amanenera kuno akafuna kuti zatha. Ofu itafika ndinagona mpaka dzuwa kulowa.

Pagombe paja ine ndinkaona aulesi awiri, wina wa chipewa, wina wa mphuno. Sindinkadziwa kuti kutopa kumatha kumudya munthu mpaka ulendo wopita kwawo kusanduka ntchito ina yoti sangaithe. Sindinkadziwa kuti bambo anatiyendetsa mtunda wonsewo chifukwa analibe pakamwa powauzira mayi, kapena kuti mayi anamva zonse popanda womasulira. Ndinaima pamenepo ndi malaya okha, mano akugundana, ndikulirira jekete.