Kompyuta Imene Anasankha a Injiniya

Dzina loti Injiniya analitola motchipa kwambiri. Anali mesenjala pa ofesi ina ya inshulansi, ntchito yawo kunyamula mafaelo, kusesa ndi kutsuka makapu, ndiye tsiku lina pulinta inangozima. Abwana anakalipa, makalaliki anaimenya makofi m'mbali, wina mpaka anagwada n'kumaiuzira mpweya m'kati. Munthu wathuyu akusesa kuseri kwa kabati anaona kuti pulagi yasoloka, n'kuikankhira m'soketi ndi nsonga ya nsapato. Pulinta inadzuka. Atawafunsa chimene achita, anapukuta m'manja pang'onopang'ono n'kunena kuti n'zovuta kufotokozera anthu wamba. Kuyambira tsiku limenelo tsache sanaligwirenso.

Zaka makumi awiri zinadutsa akudyera dzina limenelo. Sukulu ya makompyuta sanaipondeko ngakhale pageti. Nzeru zawo zonse zinali kuzimitsa n'kuyatsanso, ndipo zikakanika ankapukusa mutu ngati pagwa maliro n'kunena kuti yalowa vailasi. M'thumba la shati simunkasowa tesita ya magetsi, yomwe ntchito yake yeniyeni inali kuvungulira m'khutu. Maso atayamba kufooka anagula magalasi, koma ankavalira kuchipinda kokha, chifukwa m'maganizo mwawo injiniya saoneka pagulu akulimbana ndi zilembo.

Pachibale ndiye analibe wopikisana naye. Palibe ankagula foni, wailesi ngakhale ayironi osayamba wawafunsa. Koma amene ankawakhulupirira mopitirira muyeso anali mlongo wawo wamng'ono, namwino, mayi wamasiye wanzeru zake pa china chilichonse kupatula pa achimwene akewo. Mayiyu ankatha kutsutsana ndi dokotala pamaso pa odwala, koma a Injiniya akanena kuti firiji ikufunika kupuma, ankaizimitsa mpaka nyama kuwonongeka.

Namwinoyu anali ndi mwana mmodzi, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, amene anzake ankamutchula Kachala chifukwa cha liwiro la zala zake pa kiyibodi. Masana ankagulitsa zikuto za mafoni pakashopu ka munthu wina, akaweruka ankapita kumalo kolipira n'kumasewera magemu pa makompyuta a eni ake. Patatha zaka zitatu, timu ina yosewera pa intaneti inamuona. Inali ndi malo a munthu mmodzi, a malipiro pamwezi, ndipo owafuna anali awiri. Anamuuza kuti Loweruka masana asewere nawo magemu atatu omuyesa, koma pa kompyuta yakeyake kunyumba, chifukwa sankafuna munthu wodalira makina obwereka. Mayi ake za magemu sankazimvetsa, koma nkhope ya mwana wawo tsiku limenelo anaimvetsa. Ndalama zomwe ankasungira mipando yapabalaza anaziika patebulo, n'kuimbira achimwene foni.

Lachinayi anapita atatu kusitolo yogulitsa makompyuta omangamanga kale, oti ungofika nawo kunyumba n'kuyatsa. Kachala anali atalemba papepala zonse zofunika, ndipo pamwamba penipeni analembapo khadi la zithunzi, kachipangizo kamene kamapangitsa kuti gemu iziyenda bwino osadukaduka. A Injiniya analandira pepalalo, kuligwira patali ndi maso, kugwedeza mutu ngati aliwerenga, kenako n'kulipinda kanayi n'kuliponya pakauntala.

Kasankhidwe kawo kanali koti munthu ungaseke mpaka kugwira m'mimba, zikanakhala kuti ndalamazo si za mayi wamasiye. Kompyuta iliyonse ankainyamula kuti amve kulemera, chifukwa yopepuka ndiye kuti mulibe kanthu. Ankaigogoda m'mbali ndi chala n'kutchera khutu ngati akugula chivwende. Anawerenga mokweza mafani oziziritsa m'kati. Ina anaikana chifukwa inalibe timagetsi tamitundumitundu, ina chifukwa choti galasi lake lam'mbali linali lakuda ndiye munthu sangaone ngati akumubera. Mlongo wawo ankangowayang'ana monyadira, pomwe mtsikanayo anali atagwira chibwano, maso ali pansi.

Amene anapulumutsa tsikulo anali mayi wogulitsa m'sitolomo. Anthu otere ankawaona tsiku ndi tsiku. Anatola kapepala kaja, kukawerenga, kumuyang'ana Kachala, kenako n'kupita kukatulutsa kompyuta yomwe inali ndi zonse zolembedwazo. Anauza a Injiniya kuti imeneyi saonetsa aliyense, amaonetsa anthu odziwa okhaokha. Basi, nkhani inathera pomwepo. Bamboyo anainyamula, kuigogoda, n'kulengeza kuti ndi imene ankaifuna chilowereni. Mayi uja atayamba kufotokoza za kumbuyo kwake, poti pali malo awiri obayapo chingwe cha sikirini, anamudula pakamwa ndi dzanja. Anati iwo anayamba kulumikiza makompyuta mayiyo asanamere mano.

Pamenepo sananame kwenikweni. Analumikizadi makompyuta ambiri, koma onse anali a muofesi, olembera makalata, ndipo onsewo bowo la sikirini limakhala limodzi, kumtunda pafupi ndi la kiyibodi. Ya magemu ili ndi mabowo ena pansi, a khadi la zithunzi lija, ndipo chingwe chimayenera kulowa pamenepo. Chikalowa kumtunda, sikirini imayaka ndithu, koma khadi lodulalo limangokhala m'kati osagwira ntchito.

Atafika kunyumba anathamangitsa aliyense pabalaza kuti asawasokoneze. Pabowo lakumtunda panali pomata kapepala kofiira kolembedwa chenjezo, koma magalasi anali kwawo m'dirowa. Anakamatula n'kukaika m'thumba, chingwe n'kubaya pompo. Mabowo apansi anali otsekedwa ndi titsekero takuda tapulasitiki, ndipo iwo anaganiza kuti ndi zidindo za kufakitale zosayenera kukhudza. Atamaliza anamanga zingwe zonse ndi tepi, n'kukankhira kompyutayo m'kabowo ka desiki mpaka inagunda khoma. Timagetsi titayaka, mlongo wawo anaomba m'manja.

Lachisanu Kachala anayesa gemu yake ndipo inkayenda ngati ngolo yopanda mafuta. Munthu wake wa m'gemumo akati atembenuke, chithunzi chinkaima, pobwerera n'kupeza amuwombera kale. A Injiniya anabwera ataweruka, anazimitsa n'kuyatsanso kawiri. Anati vuto ndi intaneti. Atawaonetsa kuti intaneti ili bwinobwino, anati kompyuta yatsopano imafunika izolowere kaye magetsi a m'nyumba.

"Amalume, bwanji tingoikoka tione kumbuyoko?" anatero mtsikanayo mwaulemu.

"Iwe, ukangokhudza kumbuyoko galanti yatha. Ikawonongeka usadzandifunse."

Mayi ake atamva mawu oti galanti anachita mantha kuti a kusitolo adzakana kuikonza ikawonongeka, n'kumuuza kuti amvere amalume ake, asakhudze chilichonse. Kachala anamvera. Anali asanakhalepo ndi kompyuta yakeyake, ndipo kuseri kwa makina a kumalo kolipira kuja anali asanasuzumireko. Ankangomva mumtima kuti pali cholakwika, koma mwana woleredwa bwino sapikisana ndi amalume pamaso pa mayi ake.

Loweruka a Injiniya anafika atavala jekete, n'kukhala pampando kumbuyo kwa mwanayo mikono itapindidwa, kuti aone chipatso cha ntchito yawo. Gemu yoyamba Kachala analuza moipa. Yachiwiri anayesetsa mpaka thukuta linatsikira pa kiyibodi, koma zala zinkafika kumene chithunzi chisanafike. Yachitatu mkulu wa timu anaimitsa pakati, n'kumuthokoza mwaulemu chifukwa chobwera. Mtsikanayo anavula zomvera m'makutu. Amalume ake anatsokomola pang'ono n'kunena kuti makina ali bwino, koma mwina kusewera ndi akatswiri n'kosiyana ndi kusewera ndi ana am'misewu. Kunena zoona, pa mawu onse opusa amene munthuyu analankhulapo pa moyo wake, awa ndi amene amandipsetsa mtima kwambiri.

Madzulo ake uthenga unabwera kuti malo aja apatsa winayo amene ankalimbirana naye.

Lamlungu m'mawa Kachala analibenso choopa kutaya. Anakoka kompyuta ija, kudula tepi yonse ndi lumo, kujambula kumbuyo kwake ndi foni n'kutumizira mayi wa kusitolo uja pa nambala yomwe inali palisiti. Yankho silinachedwe, ndipo linali la mzere umodzi. Anachotsa katsekero kamodzi kapansi, kusuntha chingwe, kuyatsa. Gemu inayenda ngati madzi apampopi.

A Injiniya anaitanidwa masana. Anafika akuyenda modzikoka, atakonzeka kukhululukira mwana amene wawononga zinthu. Anapeza kompyuta ili pakati pa balaza kumbuyo kwake kutaloza chitseko, tepi yawo ili mulu pansi, ndipo pasikirini zinthu zikuuluka mosalala. Kachala anagwada kumbuyo kwa kompyutayo. Anangosolola chingwe n'kuchibaya kumtunda, chithunzi n'kuyamba kudukaduka, kenako anachibwezera pansi, n'kuwongoka. Anachita zimenezo kawiri kuti ngakhale mayi ake amvetse.

Namwino anaika kapu ya tiyi patsogolo pa achimwene ake n'kukhala moyang'anizana nawo. Maso ake anali otupa.

"Achimwene, ndikufunseni chinthu chimodzi chokha. Zoti chingwechi chimalowa pansipa, mumadziwa kapena simumadziwa?"

Yankho labwino linalipo, lalifupi, ndipo linali pafupi ndi pakamwa pawo. Akanangoti sindimadziwa, pepani. Mlongo wawo akanalira n'kuwakhululukira, chifukwa anthu aumbuli amawasamalira tsiku lililonse kuchipatala. Mwanayo nayenso ankawayang'ana modikira, osati mwaukali. Koma a Injiniya anaona zaka makumi awiri zikugwa pamodzi. Anaona nkhaniyo ikuyenda pa mafoni a pachibale, alamu awo akuseka, anthu akugula mawailesi osawafunsa. Anaona tsache. Mantha amene anawagwira anali enieni, ndipo anawaposa mphamvu.

"Ndimadziwa," anatero, akukonza kolala. "Ndingalephere kudziwa zimenezo ine? Ndimafuna mwanayu ayambe waphunzira kusewera movutikira. Zinthu zophweka zimawononga ana."

Namwino anawayang'ana nthawi yaitali ngati munthu amene akumuona koyamba. Iye anawakhulupirira, monga ankachitira nthawi zonse, ndipo ulendo uno kukhulupirirako n'kumene kunawapweteka a Injiniya. Namwinoyo anatambasula dzanja n'kuchotsa kapu ija isanamwedwe.

"Bola mukanati simumadziwa, amalume," anatero Kachala chapansipansi.

Mayi ake anaimirira n'kukatsegula chitseko, n'kuchigwira chotsegula choncho. A Injiniya anatuluka dzina lawo lili lonse, ndipo palibe anawaperekeza.