Chishalo cha Bambo

Chishalo cha njinga ya bambo chinali chakuda, chowonda, chikopa chake chosupuka mpaka chitsulo kuonekera kumphuno. Anachikuta ndi chigamba cha thumba la feteleza n'kuchimanga ndi malegeni atatu. Chinkanunkha thukuta ndi fumbi la makala. Chaka chimenecho ndinali Sitandade 4, ndipo nyengo yonse ya manachesi, kuyambira pamene anayamba kupsa mpaka atatha m'mitengo, mtima wanga unali pa chinthu chimenecho.

Tinkakhala kwa Nthache, kumudzi kwa mayi. Bambo anali mkamwini, kwawo kunali cha ku Thambani. Munda unali wa mayi, malo a nyumba anali a mayi, ngakhale mitengo ya manachesi yomwe bambo anadzala ndi manja awo anthu ankaitchula kuti ndi ya mayi. Chawochawo chinali njingayo basi. Ankaotcha makala kuphiri n'kukagulitsa kuboma, matumba atatu ulendo umodzi. Amene sanayendepo ndi makala sadziwa izi: matumba akasanjikizana pa kaliyala, lapamwamba limakukankha pamsana, ndiye sukhala pomwe anzako amakhala. Umakhalira kumphuno kwa chishalo, pachitsulo penipeni, ndipo mwala uliwonse wa mumsewu umaumva m'thupi.

Kuzizira kutayamba, bambo anasintha kayendedwe. Ankayenda chotangadza, pang'onopang'ono, ndipo pampando ankakhalira mbali imodzi. Mayi akawafunsa, yankho linali limodzi.

“Ndi chishalochi.”

Ife tinakhulupirira. Madzulo aliwonse ankayedzamitsa njinga pa mtengo, sipanala m'manja. Lero atsitsa chishalo, mawa achikweza. Mkuja achipendeketsa kuti mphuno iyang'ane pansi, kenako n'kudandaula kuti tsopano akutsetserekera kuhandulo, mikono ikuphwanya. Nati inachita kulala chifukwa chomasulidwa tsiku ndi tsiku. Ine ndinkakhala chonjuta pafupi, ndikumapemphera chamumtima kuti lero apeze malo ake enieni.

Maulendo anayamba kuchepa. Munthu amene ankapita kuboma tsiku lililonse anayamba kupita kawiri pa sabata, masiku enawo n'kumawothera dzuwa pakhonde atafunda jekete. Amalume, mchimwene wa mayi, ndi amene anayamba kulankhula.

“Alamu, njinga ikuchita dzimbiritu iyi. Kapena makalawo tiwaitanire kabaza?”

Anthu ankaseka, bambo nawonso ankamwetulira. Koma tsiku lina ndinamva amalume akuuza mayi kuseri kwa nkhokwe, mopanda nthabwala, kuti mudzi uno susunga mwamuna wongodikira chakudya. Ngakhale ndinali mwana, ndinkadziwa tanthauzo lake. Ndinali nditaonapo mkamwini wina akutuluka m'mudzimo, bulangete lili paphewa, ana ake akumuyang'ana pakhomo. Ndinaona kuti chishalo chikapanda kufewa, bambo anga adzatuluka chimodzimodzi.

M'nyumba mwathu munali matiresi amodzi okha, a mayi, omwe ankawanyadira kuposa china chilichonse. Tsiku lina iwo ali kudimba, ndinatenga mpeni wosendera chinangwa, n'kusomola ulusi, n'kucheka siponji yaikulu ngati mbale pakona. Ndinaimangirira pa chishalo ndi malegeni omwewo, ndikukoka mpaka zala kuchita matuza. Mayi ataona dzenjelo ndinakonzeka kumenyedwa. Iwo anangokhala pansi, n'kuliyang'ana nthawi yaitali. Mpaka lero ndimalakalaka akanandimenya.

Mawa lake bambo anakweza matumba n'kunyamuka. Dzuwa lisanafike pamutu anabwerera akukankha njinga, makala onse ali pomwepo, milomo itauma ngati munthu wa malungo. Atandiona anasisita siponjiyo.

“Wachita bwino, mayi wanga. Chafewa zedi.”

Linali bodza, ndipo ine ndinasangalala nalo tsiku lonse.

Aphunzitsi athu sanali a kwathu, anachita kutumizidwa kuchokera kuboma lina lakutali. Anali ndi njinga ya chishalo chachikulu chofiirira, chokhala ndi masipuling'i awiri kunsi, chomwe ankati anakagula ku Zobue, kutsidya kwa malire. Pa nthawi yopuma ndinkapita kukachidina ndi chala, chikumabwerera chokha. Tsiku lina anandipezerera. M'malo mothawa ndinayamba kulira, n'kuwauza zonse: za makala, za amalume, za matiresi.

Loweruka anabwera kwathu. Bambo anachita manyazi kwambiri, koma mlendo sabwezedwa. Aphunzitsi anazungulira njinga ija, akufotokoza ngati ali m'kalasi. Anati chishalo sichiyenera kupendekeka, chizigona mowongoka. Anati munthu ukakhalapo n'kuponda pedulo ndi chidendene, mwendo uziwongoka wonse, ndiye kuti kutalika kwakwana. Anati siponji yochuluka imanamiza, imafewa poyamba kenako imapana pomwe sipafunika. Ndinaloweza zonsezi kuposa masamu awo. Anamasula chishalo chawo chija n'kuchimanga pa njinga yathu.

“Takwerani tione, bambo.”

Bambo anagwira handulo n'kutukula mwendo. Sunafike. Anaima chowerama, mano ali gwa, thukuta likutsika m'khosi m'mphepo yozizira ija. Aphunzitsi anasiya kuyang'ana njinga, anayang'ana munthu. Kenako anandituma madzi akumwa.

Pobwera ndi chikho ndinamva mathero okha.

“Ichi si cha sipanala ayi. Mupite kuchipatala mawa lomwe.”

“Ndikati chiyani kwa apongozi? Ndikavula pamaso pa ndani, aphunzitsi?”

Atandiona anaileka nkhaniyo. Aphunzitsi anamanga chishalo chathu chakale pa njinga yawo n'kumapita, chawo anatisiyira. Ine ndinavina pabwalo. Ndinaona ngati nkhondo yonse yatha.

Bambo sanapite kuchipatala, ndipo sanakwerenso njinga. Patatha masabata awiri amalume anaitanitsa akuluakulu a banja pakhonde pathu. Anati poyamba alamu ankanamizira chishalo, nanga pano chilipo chabwino kuposa cha aliyense m'mudzi muno, chatsala n'chiyani? Apa ndi pomwe pamandipweteka. Chishalo chomwe ndinalirira ine ndi chimene chinawalanda bambo chowiringula chawo chomaliza. Bambo anafunsidwa katatu ngati ali ndi mawu. Anayang'ana agogo aakazi, apongozi awo, atakhala pamphasa pomwepo, n'kuweramitsa mutu. Anangoti apita kwawo akapume pang'ono.

Zoona zake mayi anandiuza ndili ndi ana anga kale. Bambo anali ndi chotupa m'munsi mwa mimba, pamalo omwe mwamuna wa kwathu sakanatchula pamaso pa apongozi, pa alamu, kapena pa mwana wake wamkazi. Chinayamba ngati nthudza, pofika nthawi imeneyo chinali ngati nachesi. Bambo anabisira ngakhale mayi, omwe anadzachiona mochedwa atawatsatira ku Thambani, pamene abale awo ankawanyamula kupita nawo kuchipatala atayamba kale kusanza. Anamwalira mvula isanagwe. Lero ndikudziwa kuti ndi nthenda yomwe madokotala amachita opaleshoni munthu n'kubwerera kwawo akuyenda yekha. Ndimakwiyira amalume, ndimakwiyira manyazi athu aja omwe timawatcha ulemu, ndipo masiku ena ndimakwiyira bambo enieniwo, chifukwa anaona kuti kutchedwa waulesi n'kopepuka kusiyana n'kutchula liwu limodzi.

Koma m'mawa umene ankachoka sindinkadziwa chilichonse mwa izi. Anamanga bulangete ndi malaya awiri pa kaliyala. Mayi anawaikira manachesi omaliza a mumtengo m'jumbo, osawayang'ana kumaso. Ine ndinapukuta chishalo chija ndi diresi yanga mpaka chinawala. Ndinawaperekeza kukafika pamtsinje, pomwe anandiuza kuti ndibwerere.

Ndinaima pamwala n'kumawayang'ana. Kutsidyako njira ndi yosalala, yotsetsereka pang'ono, yoti ngakhale mwana amangokhala osapalasa. Panalibe thumba la makala lowakankha pamsana. Koma iwo ankangokankha njinga, akuyenda chotangadza, chishalo chikung'anima padzuwa popanda munthu.

“Ababa, kwerani!” ndinakuwa. “Kweranitu, chili bwino tsopano!”

Anatembenuka n'kukweza dzanja. Ndinabwerera kunyumba nditakwiya nawo, ndikuganiza kuti mwina tachikweza kwambiri, ndipo akabwera ndidzawauza kuti tichitsitse pang'ono.