Kabowo ka singano pachithunzi cha asilikali

Anthu a mumsewu wake ankangomuitana kuti Chimata, poti m'kashopu kake ka fotokope pepala lililonse linkatuluka litavala pulasitiki. Masatifiketi, makhadi a kuchipatala, ngakhale kalata imene mwamuna wake adamufunsira nayo mbeta, zonse adamata. Mwamunayo ankadandaula kuti tsiku lina adzadzuka nayenso atamatidwa.

Malume ake atamwalira, Chimata adalandira chitini cha mabisiketi chodzaza ndi zithunzi za kunkhondo. Zinali za agogo ake aamuna, amene adapita kunkhondoko osabwerako. Msilikali mnzawo ndiye adabweretsa chitinicho, mayi ake a Chimata akadali kumsana. Zithunzizo zinali zitachita chikasu, tizilombo titaziboola ponseponse. Chimata sadafunse munthu. Adayatsa makina ake, ndipo pofika masana zonse zinali waliwali m'pulasitiki.

Pachithunzi chachikulu panali asilikali khumi ndi anayi, zipewa zofanana, nkhope zing'onozing'ono ngati nyemba. Pofuna kudziwa kumene agogowo adafera, adapita nacho ku ofesi yosunga zolemba zakale. Kalaliki wa kumeneko, bambo wa magolovesi oyera, adachitembenuza kawiri, nkufunsa amene adachita zimenezi. Chimata adanamizira malume, poti womwalira sangadzikanire. Bamboyo adati makina otentha amaphwatalitsa chilichonse, ndipo pulasitiki ukaichotsa imachoka ndi nkhope zomwe. Komabe adalonjeza kuti akangomulozera nkhope ya agogowo, adzaifananiza ndi za m'kaundula.

Adaima pamasitepe a ofesiyo. Adakumbukira kuti mayi ake, amene adasiya kuona zaka zisanu zapitazo, adamufunsa pafoni kuti, "Chija cha singano chilimo?" Iye adangovomera, ali kalikiliki ndi makasitomala, osafunsa kuti singano yanji.

Masiku atatu adawazemba mayi akewo. Foni ikalira sankayankha, ndipo tsiku lina adalowetsa satifiketi ya mwini wake m'makina mopendekeka. Ankachita mantha, ndipo chinkamuopsa kwambiri n'chakuti sankadziwa bwinobwino chimene walakwa. Tsiku lachinayi adatseka shopu m'mawa nkupita kwa mayi ake.

Adawapeza atakhala pampando pafupi ndi windo, atapukuta kale manja pansalu yoyera, ngati akuyembekezera kulandira khanda. Adamufotokozera kuti agogo aakazi adaboola chithunzicho ndi singano kuchokera kumbuyo, pamwamba penipeni pa chipewa cha amuna awo. Kabowo ka singano kamasiya kamlomo kotukuka, kosiyana ndi ka tizilombo. Ali mwana, mayiwo ankatseka maso n'kuwapeza bambo awo ndi chala. Kenako mchimwene wawo adatenga chitini, ndipo zaka makumi asanu zidatha osachigwiranso.

"Nanga simukukumbuka mzere umene adaima, amayi?"

"Ndikadawerengeranji, chala chikudziwa? Bweretsa kuno."

Chimata adapereka. Chala chidayamba kumanzere, chidayenda pang'onopang'ono mpaka kumapeto, chidabwereranso. Paliponse panali see, posalala ngati galasi. Mayiwo adapukuta chalacho pachifuwa nkuyambiranso.

Chimata adachitenga mwaulemu nkuchikweza kuwindo. Kuwala kudadutsa m'timabowo tisanu ndi tinayi, tonse tofanana, tina pamwamba pa zipewa zitatu zosiyana.

"Nthabwala zako ndazimva, mwanawe," adatero mayi ake akumwetulira. "Iyi ndi fotokope yako ija. Tsopano ndipatse chenichenicho, ndikuonetse agogo ako."

Adatambasula manja awiri, nkumadikira.