Mapaipi Awiri pa Njinga ya Atate

Atate atamwalira, achibale anapatsa mlongo wanga wamng'ono njinga yawo yamoto, chinjinga cha maulendo ataliatali chomwe ankapita nacho ku Chipata. Chinali ndi ekizozi imodzi, ndipo chinkalira mwabesi, ngati munthu akutsokomolera mumgolo. Amayi anali atasiya kuona chifukwa cha shuga, koma makutu, ee, anali akuthwa. Lachisanu lililonse madzulo ankakhala pakhonde ku Chilenje, ndipo njingayo ikangokhota pamsika ankadzuka kukatereka ketulo. Ankatero atate ali moyo, ndipo sanasiye ngakhale wokwerapo atasintha. Ankangoti abwera, ife osafunsa kuti ndani.

Ndiye mlongo wangayo anaitanitsa mapaipi a ekizozi awiri onyezimira, akuti njinga izipuma bwino. Ndinamuuza kuti asiye zachibwana, amayi njingayi amaidziwira kulira kwake. Anangoseka, amvekere ba sisi mumakonda kukuza nkhani.

Ntchitoyo anagwirira kwanga ku Woodlands, poti kumafulati kwake ku Kabwata kulibe bwalo. Linali Lachisanu, ndipo ife a Sabata dzuwa likalowa sitigwira sipanala. Anachotsa zikwama zam'mbali ndi mpando, mabawuti n'kuyala pachitenje changa chabwino osapempha n'komwe. Zonse zinamasuka kupatula polumikizira paipi yakale, pomwe panali patagwirana ndi dzimbiri. Anathira oilo, anagogoda, anatukwana chamumtima, koma ayi ndithu. Akanaisiya mpaka Lamlungu ikanafewa yokha. Iye anayang'ana dzuwa, natenga sowo yodulira zitsulo n'kuidula paipiyo pakati. Kenako anaika magasiketi atsopano oletsa utsi kutulukira m'mbali, kapaipi kamphanda kogawa utsi, mapaipi aja uku ndi uku, n'kumanga zolimba. Ataliza injini galu wa aneba anathawira kuseri kwa nyumba. Ndisaname, njinga inakongola.

Ndinakwera kumbuyo, ndipo ku Chilenje tinafika dzuwa likulowa kumene. Amayi anali pakhonde, manja pamiyendo. Sanadzuke. Anafunsa kuti ndani akusokosa pageti pa eni ake. Atamva mawu athu anabwera mopapasa, nayendetsa dzanja pathanki, pampando, mpaka ndinachita kuwagwira kuti angapse ndi chitsulo chotentha.

"Tailizanso," anatero.

Anailiza. Amayi anapendeketsa mutu n'kumvetsera nthawi yaitali.

"Atate anu mwawapititsa kuti?"

Mlongo wanga anachita chibwibwi, n'kulonjeza kuti Sabata ikangotha abwezeretsa yakale ija. Ine ndinakwiya kwambiri, poti ndinkadziwa kuti ili zidutswa ziwiri pabwalo panga. Wowotcherera zitsulo anadzailumikiza bwinobwino, koma kulira kuja sikunabwerere. Masiku ano Lachisanu amayi amakhala m'nyumba, ndipo tikafika timachita kugogoda.